Botolo la azakhali

Ntchito yoyamba imene ndinapeza nditamaliza digiri inali yokatenga botolo. Pakatha milungu iwiri iliyonse, Lachitatu, ndinkalawirira pa kabaza mpaka kumsewu, kenako minibasi ya kuboma, kabuku kakuchipatala ka azakhali kali m'chikwama. M'botolomo munkakhala mofini wamadzi. Azakhali anali ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndipo inapezeka itafalikira kale.

Tsiku lowatulutsa m'chipatala tinangouzidwa kuti, "Pitani nawoni kunyumba, muzikawasamalira." Tonse tinamva tanthauzo lake, koma palibe anatiuza kuti kusamalirako n'kotani. Amayi anaphunzira okha kutembenuza munthu wamkulu osamupweteka. Zoti mankhwalawa amamwedwa pa maola 4 aliwonse, osadikira kuti ululu ubwerere, ndinachita kuwerenga pafoni. Zoti amamanga m'mimba tinazidziwa patatha masiku asanu azakhali osapita kuchimbudzi. Pamwamba pa izo, wachibale wina anali atanong'oneza kale kuti mofini ndi womalizitsira munthu, ndiye amayi ankathira pang'ono, dzanja likunjenjemera.

Loweruka lina botolo linagwa pampando, n'kutayika lonse. Chipatala chaching'ono chili pafupi, ulendo wapansi wa mphindi 20. Ndinathamangira kumeneko. Namwino anandimvetsera bwinobwino, n'kundipatsa panado, chifukwa ndi zomwe anali nazo. Kiliniki ya odwala ngati azakhali kuboma inkatsegula Lachitatu lokha. Werengani nokha: kuyambira Loweruka usiku mpaka Lachitatu masana.

Sindilemba zonse za masiku amenewo. Mayi amene ankatsogolera nyimbo kumvano ankaluma chitenje kuti ana asamve. Lolemba usiku anandigwira dzanja, amvekere, "Mwanangu, sukulu yonse ija, palibe amene ukumudziwa kumeneko?" Ndinalibe. Ndipo chimandipweteka mpaka lero n'chakuti funsolo linali lolondola: ndikanadziwa munthu, botolo likanapezeka.

Mofini si mankhwala odula, ndipo kuno kwathu anthu odziwa ntchitoyi alipo. Ku Queens kuli Tiyanjane, ku Salima kuli Ndi Moyo, malo amene ntchito yawo ndi kuchepetsa ululu wa anthu amene matenda awo sangachirenso. Mu 2014 msonkhano waukulu wa WHO unagwirizana kuti chisamaliro chimenechi chikhale gawo la ntchito zaumoyo za tsiku ndi tsiku, kufikira kuzipatala zazing'ono ndi kumakomo. Ku Uganda, kuyambira 2004, anamwino ophunzitsidwa mwapadera amaloledwa kulembera wodwala mofini, osadikira dokotala. Chomwe chinatisowa ife si nzeru zatsopano. Thandizo linaikidwa kutali ndi mphasa imene wodwala wagona, ndipo mtunda wonsewo anausiyira gadiyani ndi thumba lake.

Ndikudziwa yankho lake: mankhwalawa ndi oopsa, akhoza kubedwa. Zoona. Komatu pachipatala chaching'ono chomwecho anthu amalandira ma ARV a miyezi ingapo, pali kaundula, pali kabati yokiya, ndipo ukajomba amakulondola. Dongosolo limenelo tinalimanga chifukwa tinkafuna kuti anthu asafe. Kodi amene akufa ndithu sawerengedwanso? Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu ankadziwa mwana aliyense wosabayitsa katemera, koma za azakhali anamva kwa ine pamsika. Palibe kalata imene inachoka kuboma kumuuza kuti m'mudzi mwake mwabwera wodwala wotere.

Lachitatu lija ndinali woyamba pabenchi. Sisitala wa pakilinikiyo atamva nkhani yanga anakhala chete kaye. Kenako anatenga kabuku ka azakhali, n'kulemba nambala yake ya foni kuchikuto, yakeyake, osati ya ofesi. Anakhala nane pafupifupi theka la ola, mzere ukudandaula panja, akundionetsa kayezedwe ka mlingo ndi zoti ndikawauze amayi za mphekesera ija.

Madzulo ake azakhali anagona tulo mpaka kucha. Atadzuka anapempha phala la mgaiwa, n'kukalipira amayi kuti lachepa mchere. Anakhala nafe milungu ina isanu ndi iwiri. Patatha sabata maliro atachitika, sisitala uja anaimba ndi mayunitsi ake, kufunsa ngati botolo likadalipo.