Chithunzi cha Mayi wa Masewero

Ine ndine mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina m'chigwa cha Domasi, kunsi kwa phiri la Malosa. Ndili mnyamata ndinkakonda kujambula anthu ndi pensulo, ndipo lero ndifuna kukusimbirani za chithunzi chimodzi chimene chinandipatsa nzeru.

Chaka china kunafika kwathu gulu la masewero lochokera ku Zomba. Pakati pawo panali mayi wina wotchuka, amene mawu awo tinkawamva pa wailesi. Sewero litatha ndinapita kukagwada, ndi kupempha kuti ndiwajambule. Iwo anaseka, nakhala pa mpando patsinde pa mtengo wa mango.

Nditayandikira ndinaona zimene sizioneka munthu akakhala patali: makwinya pamphumi, maso otopa, ndi kachipsera patsaya. Pakuopa kuwakhumudwitsa, ndinasalaza nkhope yonse kufikira inafanana ndi ya namwali. Mayiwo anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, nati, "Mwana wanga, mtsikanayu ngwokongola ndithu, koma ine sindimdziwa. Nanga zaka zanga waziika kuti?" Manyazi anandigwira. Ndinatenga pepala lina, ndipo anakhalanso chete osagwedezeka kufikira dzuwa linapendeka. Tsono ndinajambula zonse monga momwe maso anga anazionera, ndipo iwo analemba dzina lawo m'munsi.

Patapita zaka ndinawerenga za mmisiri wina wa ku America, Don Bachardy, wobadwa mu 1934. Iye anadziwika chifukwa chojambula munthu ali naye maso ndi maso, osatengera pa chithunzi cha kamera. Akatsiriza, munthuyo ankalembapo dzina lake ndi tsiku. Mu 1973 anajambula Bette Davis, mayi wa m'mafilimu wobadwa mu 1908, amene anapata mphotho ya Oscar kawiri, ndipo sanabise ukalamba wake. Zokumbukira zake anazisindikiza m'buku mu 2000. Powerenga ndinazindikira kuti phunziro langa la pansi pa mango nlomwelo limene amisiri aakulu amalisunga.

Chithunzi choyamba chija chinatayika kalekale, koma chachiwiri chili pakhoma m'nyumba mwanga. Inu anzanga amene mwaphunzira kumene kulemba dzina lanu, kumbukirani mayi uja: dzina lawo anangolilemba pansi pa nkhope yawo yeniyeni.