Ulendo wa panjinga wa ku Neno: tsiku amasankha ndi msewu

Kumayiko ozizira, anthu okonda kupalasa njinga mitunda italiitali m'mapiri sanyamuka tsiku lililonse lomwe afuna. Amadikira kuti chipale chofewa chisungunuke kaye m'mipata ya mapiri. Msewu wa Stelvio ku Italy, womwe umakwera mpaka kufika pa mamita 2,757, umatsekedwa nyengo yonse yozizira. Mpikisano wa Tour Divide, wochokera ku Banff m'dziko la Canada mpaka kumalire a America ndi Mexico, umayamba mu Juni, komabe zaka zina opalasa amakankha njinga m'chipale. Kwathu kuno ku Biriwiri chipale timangochiona pafoni. Chotitsekera njira ifeyo ndi matope, ndipo nawonso ali ndi nyengo yawo.

Ine ndi mng'ono wanga tinagwirizana zopalasa njinga kuchoka pano kudzera ku Tsangano, kutsata mapiri a Kirk Range m'mbali mwa malire a Mozambique, mpaka ku Neno komwe kumakhala agogo athu. Si ulendo wongosangalala chabe ayi. Mnyamatayu akupita ku Joni mu Julayi, ndipo amene amapita kumeneko sadziwika chaka chobwerera. Agogo nawonso akalamba. Ine kuntchito amandipatsa tchuthi kamodzi pachaka. Tikaphonya tsiku, ulendo wa atatufe kukhala pakhonde limodzi mwina sudzachitikanso.

Iye ankafuna tinyamuke pa Isitala. "Achimwene, mvula yatha kale, tikudikiranso chiyani?" Amatero tsiku lililonse akamapukuta tcheni. Koma Isitala imagwa mu Malichi kapena Epulo, pamene mvula ya m'mapiri imakhala isanatsanzike. Tonse tikukumbukira kuti namondwe Freddy anafika mu Malichi 2023, anthu ambiri akuganiza kuti dzinja lapita.

Safunsa anadya phula, choncho tinapita kwa amalume, omwe anakalambira pa njinga akutuluka ndi matumba a kachewere ku Tsangano kubwera nawo ku msewu wa M1. Iwo sanayang'ane kalendala. Anati: "Mphwanga, usaone kuuma kwa tala wa pano. Kumtunda kuja mvula imaleka, koma nthaka imasungabe madzi masabata angapo."

Anatilongosolera zomwe dothi la katondo limachita likanyowa. Limamatirira ku matayala, n'kudzaza pakati pa tayala ndi felemu mpaka gudumu kuleka kuzungulira. Mabuleki sagwira, tcheni chimalira, magiya amakana. Pamenepo njinga imene inayenera kukunyamula umainyamula ndiwe, chitunda chili patsogolo. Timitsinje tomwe m'chilimwe umadumpha osavula nsapato, mu Malichi timatha kukukokolola ndi katundu yemwe.

Koma kuchedwa nakonso kuli ndi mtengo wake. Juni ndi Julayi kumapiri kuno kumazizira koopsa, zala zimachita dzanzi pa handulo m'mawa. Chiperoni chikabwera, chifunga chimaphimba njira, kamvula kowaza kamaterereretsanso msewu umene unauma. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala ndi fumbi la malole, utsi wa tchire lotenthedwa, dzuwa loswa mtengo, ndi akasupe ouma. Ndiye mpata weniweni ndi waung'ono: kuyambira chapakati pa Meyi kufika kumayambiriro a Juni. Nthawi imeneyi msewu walimba, mitsinje yaphwera koma madzi adakalimo, mapiri adakali obiriwira, ndipo m'midzi anthu akukolola, mlendo sagona ndi njala.

Ngakhale mkati mwa mpatawo, tsiku lenileni sitinalilembe ndi bolopeni. Timamvera zolosera za nthambi yoona zanyengo pawailesi ndi pafoni, koma nthambiyi imanena za kumwamba, osati za pansi. Za pansi timafunsa akabaza ndi madalaivala a malole a mbatata pa Tsangano Turn-off. Ndimayang'ananso matayala awo. Akabwera ndi matope aawisi, ndimadziwa kuti nthawi sinakwane. Akabwera ndi fumbi lofiira sabata yathunthu, msewu watsegula. Abwana anga ndinawapempha chinthu chimodzi chokha: andilole kusuntha tchuthi ndi masiku ochepa ngati mvula ingabwerere. Anavomera.

Kudikiraku sikunali kukhala manja lende. Tasintha mabuleki, tagula machubu awiri, zigamba, guluu ndi pampu. Loweruka lililonse timapalasa kupita ku Lizulu n'kubwerako kuti miyendo izolowere zitunda. Tagwirizananso zonyamuka mbandakucha ndi kufika pogona dzuwa lisanalowe, chifukwa kumapiri mdima umagwa limodzi ndi chisanu, netiweki nayonso imasowa malo ena.

Chovuta kwambiri sichinali njinga koma mtima. Sabata iliyonse yomwe timadikira imachotsedwa pa masiku ochepa amene mng'ono wanga watsala nawo kuno. Usiku wina anandifunsa kuti, "Nanga mvula ikapanda kuleka?" Ndinamuyankha kuti tidzakwera galimoto kuzungulira ku Mwanza, chifukwa chachikulu n'kuwaona agogo. Sanayankhe, koma m'mawa mwake ndinamupeza akuthira oyilo pa tcheni changa.

Dzulo lole yachitatu yatsika ili mbuu ndi fumbi. Agogo atumiza uthenga kudzera pafoni ya mnansi wawo kuti manachesi ayamba kupsa, tisachedwe ana angawathe. Tikunyamuka Lachiwiri.