Dzanja la mmisiri pa mfuti zakale

Ine ntchito yanga ndi yokonza mfuti zing'onozing'ono, zija zogwira ndi dzanja limodzi, mapisito ndi mavolovolo. Ndimagwira m'shopu ina ku Johannesburg, ndipo mfuti iliyonse yofika pa tebulo langa imayamba yalembedwa m'kaundula, chifukwa lamulo la mfuti la dziko la South Africa la chaka cha 2000 silola munthu kukonza mfuti popanda chiphaso. Kwathu ndi ku Dedza, komwe ndinakulira pakati pa amalume osema ziboliboli, ndipo luso la mtengolo ndi limene linanditsegulira khomo. Mwini shopu, mkulu wosakonda zolankhulalankhula, anandiyambitsa pa zigwiriro zamtengo. Matupa opalira chitsulo anandipatsa pambuyo pake, ataona kuti dzanja langa silipupuluma.

Anyamata obwera kudzagula mfuti zatsopano akaona zimene ndikukonza amandifunsa kuti, "Madala, anthu akutayiranji ndalama pa chitsulo chachikulu kuposa bambo awo?" Funsoli ndi labwino ndithu, ndipo sindiliyankha ndi mkwiyo, pakuti pa nkhani ya ntchito yeniyeni ya mfuti anyamatawo sanalakwe.

Pisito imene ndaigwira kwambiri pa zakale zonse ndi Browning Hi-Power. Anaiyamba John Moses Browning, Mmereka yemwenso anapanga Colt ya 1911 ija imene asilikali a dziko la America anaimanga m'chiuno mpaka 1985. Browning anamwalira mu 1926 ku Belgium ntchito isanathe, ndipo amene anaimaliza ndi Dieudonné Saive wa ku fakitale ya FN ku Herstal. Inatuluka mu 1935 ikulowa zipolopolo 13, pa nthawi imene mapisito ambiri ankalowa 7 kapena 8. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mbali zonse ziwiri zinaigwiritsa ntchito: Ajeremani atalanda fakitaleyo mu 1940 anapitiriza kuipanga, pomwe ku Toronto ku Canada kampani ya Inglis inkapangira adani awo yomweyomweyo. Pambuyo pake inafalikira m'magulu a nkhondo a maiko ambirimbiri, n'chifukwa chake kuno kum'mwera kwa Africa imapezekabe m'masefa a anthu okalamba.

Ukaimasula Hi-Power yakale, chitsulo chimakuuza mmene anachipangira. Mkati mwa silaidi, momwe diso la wogula silifika, mumaoneka timizere ta makina odulira chitsulo, ndipo pena ndi pena pamakhala posalala mosiyana ndi ponse, pamene munthu anapala ndi dzanja kuti zitsulo ziwiri zigwirizane. Mfuti yotere inkachokera ku chitsulo cholimba chimene ankachisema mpaka kutsala thupi la mfutiyo, ndipo zotayidwa zinkachuluka kuposa zotsala. Kunja kwake, mtundu wakuda wobiriwirako uja umayamba kutha m'mphepete mwa kukamwa ndi m'makona, momwe chikopa cha m'chiuno chinkakhula tsiku ndi tsiku. Chigwiriro cha mtengo wa walnut chimaderako mbali imodzi kuposa inzake, ndipo ndimadziwa msanga ngati mwini wake anali wamanzere. Zimandikumbutsa mpini wa khasu la agogo, umene ukaugwira umamva pamene dzanja lawo linkakhala.

Koma Hi-Power ili ndi zilema zake, ndipo wokonda mfuti zakale amene amabisa zimenezi sakuthandizani. Ili ndi kachitsulo koletsa kuwomba magazini ikachotsedwa, ndipo kachitsuloko kamachititsa kuti chala chikamakoka chizimva ngati muli mchenga. Hamala yake imaluma khungu la pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala kwa anthu a manja onenepa. Loko wake pa zakale kwambiri ndi wamng'ono, wovuta kumufika mofulumira. Zoyang'anira chandamale ndi tizitsulo tochepa toti maso a munthu wazaka makumi asanu amativutikira.

Tsono mu 1982 asilikali a dziko la Austria anasankha pisito ya Gaston Glock, munthu amene anali asanapangepo mfuti koma ankadziwa bwino za pulasitiki. Glock 17 thupi lake ndi pulasitiki yolimba, imalowa zipolopolo 17, zipangizo zake zonse sizikwana 40, ilibe hamala yakunja, ndipo silaidi yake anaiumitsa mwa njira yoti dzimbiri limalephera kulowa. Ndi yopepuka, sisamala fumbi kapena thukuta, ndipo chipangizo chikatha umangochotsa n'kuikapo china chochokera m'paketi, osapala ngakhale pang'ono. Asilikali a Britain, amene anakhala ndi Hi-Power zaka zochuluka, anaisiya mu 2013 n'kutenga Glock 17. Sanachite zimenezo chifukwa chotengeka ndi zachilendo. Ngakhale ine, mlonda kapena mayi wa bizinesi akandifunsa mfuti yodzitetezera, ndimamulozera ya makono, osazengereza.

Chimene ndimaona n'chakuti pisito ya makono siifuna mmisiri. Imafuna munthu wosintha zipangizo, ndipo ntchito imeneyo mnyamata wanzeru amaiphunzira msanga. Mfuti yakale imafuna munthu woimvetsa, chifukwa ziwiri zotuluka m'fakitale imodzi chaka chimodzi sizifanana kwenikweni.

Umboni wake uli pa Luger ya Ajeremani, imene asilikali awo anailandira mu 1908. Ili ndi chitsulo chopindika pakati chimene chimadumphira m'mwamba ikawomba, chinthu chokongola kuchiona koma chosachedwa kukwiya ndi dothi. Pa tizipangizo take tating'ono anadindapo manambala awiri otsiriza a nambala ya mfutiyo. Ankatero chifukwa kachipangizo kalikonse kanapalidwa kuti kakwanire pa mfuti imeneyo yokha, ndipo tikasakanikirana ndi ta ina sitikanagwiranso bwino. Lero osonkhanitsa mfuti zakale amayamba ayang'ana manambalawo asanafunse mtengo, ndipo kachipangizo kamodzi kosiyana nambala kamagwetsa mtengo kwambiri. Ine ndikamawerenga manambalawo ndimaganiza za munthu amene anakhala pa benchi ngati langali, zaka zoposa 100 zapitazo, akupala, kuyesa, kupalanso.

Mavolovolo ndiwo amayesa mmisiri kuposa zonse. Mtima wa volovolo ndi nthawi yake: hamala isanagwe, mgolo wa zipolopolo uyenera kukhala utazungulira, utaima ndi kukhomeka molunjika ndi mpope. Ukachedwa pang'ono chabe, chipolopolo chimakhula m'mphepete ndipo tizidutswa ta mtovu timathothokera m'mbali, komwe kuli nkhope ya munthu woima pafupi. Poyesa ndimakoka hamala pang'onopang'ono, mfuti ilibe kanthu, khutu lili pafupi, kumvetsera kaphokoso kakuti "ke" kosonyeza kuti mgolo wakhomeka. Kakamveka hamala itafika kale kumapeto, ndiye kuti kachitsulo kokankha mgolo kadyeka, ndipo katsopano sikalowa kokha, mpaka ukapale ndi mwala wonolera. Ma Colt akale, monga Python imene inatuluka mu 1955, ndi osalala modabwitsa pokoka, koma ndi amenenso amavuta kwambiri kuwabwezeretsa nthawi, ndipo amisiri owadziwa akutha. Smith & Wesson ya mtundu wa Military & Police, imene inayamba mu 1899 ndipo pambuyo pake inatchedwa Model 10, ndi yofatsirapo. Imapirira zaka zambiri isanafune dzanja langa.

Pali volovolo imodzi imene ikafika ndimasiya zonse: Webley Mark VI ya mu 1915, ya zipolopolo zazikulu za .455. Imathyoka pakati, mpope n'kugwera pansi, zikopa zonse zisanu ndi chimodzi za zipolopolo n'kutumphukira kunja nthawi imodzi. Ndi mfuti imene maofesala a Britain ankamanga m'chiuno pa nthawi imene agogo athu ankalembedwa usilikali wa atsamunda wa KAR ku Zomba, ena n'kumasenza mtengatenga pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Sindiigwira ndi mtima wopepuka. Inali m'manja mwa olamula, ndipo athu anali oyenda kutsogolo kwake. Komabe ndimaikonza mosamala, chifukwa mbiri imeneyo ndi yathunso, ndipo chitsulo chikawola palibe chotsala choti mwana adzaone ndi maso.

Ntchito imene ndimaikonda koposa ndi yobwezeretsa mtundu wakuda pa chitsulo mwa njira yakale. Anthu amadabwa akamva kuti mtunduwo ndi dzimbiri. Umayamba wachotsa mafuta onse, moti ngakhale chala chopanda gulovu chikakhudza chimasiya banga. Kenako umapaka mankhwala ochititsa dzimbiri, n'kupachika chitsulocho pamalo a chinyezi mpaka chitafiira ngati chatayidwa kudzala. Ukachiwiritsa m'madzi oyera, dzimbiri lofiiralo limasanduka lakuda. Umapukuta fumbi lapamwamba ndi waya wofewa kwambiri, n'kuyambiranso, kangapo konse, ndipo ulendo uliwonse mtundu umazama. Njira ya msanga ilipo, yomiza chitsulo m'mchere wotentha, ndipo imagwira bwino, koma kuda kwake kumakhala kowala ngati galasi pomwe njira yakaleyi imapereka kuda kofatsa kolowa m'chitsulo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wopupuluma amatulutsa mfuti ya mawangamawanga.

Pa zigwiriro ndi pamene ndimabwerera kwathu. Azungu anazolowera walnut, koma ine ndimakonda mlombwa, umene kuno amautcha kiaat, ndiponso phingo kwa amene akufuna chakuda cholemera. Phingo amabunthitsa zida msanga, koma akalandira mizere saitaya. Mizereyo ndimaidula ndi kachida ka mano, woyamba wowongoka bwino chifukwa ena onse amatsatira umenewo, kenako yopingasa, mpaka pamwamba ponse patatuluka timapiri tosongoka togwira m'dzanja ngakhale muli thukuta. Mzere umodzi ukapotoka, diso limaupeza msanga pakati pa mizere yonse. Chigwiriro cha pulasitiki chimatuluka m'chikombole chili ndi zonsezi kale, ndipo sichitupa ndi mvula. Koma sichingasemedwe kuti chikwanire dzanja la munthu mmodzi, dzanja la nyamakazi kapena la zala zazifupi, ndipo anthu amabwera kwa ine chifukwa cha zimenezo.

Ngakhale makampani aona kuti chikondi cha mfuti zakalezi sichikutha. FN inasiya kupanga Hi-Power mu 2018, koma Springfield Armory ya ku America inatulutsa yake yotengera yomweyo mu 2021, ndipo FN nayo inabweretsa ina yokonzedwanso mu 2022. Colt inabweza Python mu 2020. Zatsopanozi ndi zabwino, zina n'zolimba kuposa makolo ake, chifukwa makina oyendetsedwa ndi kompyuta amadula chitsulo molondola kuposa dzanja lililonse. Ndazitsegula, ndipo mkati mwake ndi mosalala paliponse mofanana. Malo amene munthu anaimapo n'kuganiza ndisanawapezemo.

Zimene zimandipweteka mtima n'zimene eni ake amachita ndi mfuti za makolo awo pofuna kuzikonda. Wina amaona dzimbiri pang'ono n'kutenga sandipepa, kufafaniza zidindo za fakitale ndi makona onse akuthwa. Wina amapotokola masikulu ndi sikuludiraiva ya m'khitchini mpaka mitu yake itaphwanyika. Wina amaisunga zaka m'chikopa, osadziwa kuti chikopa chimasunga chinyezi ndipo chimadya chitsulo. Choopsa kuposa zonse ndi kuika zipolopolo za makono zamphamvu mu volovolo imene inapangidwira wonga wofooka wa kale, kungoti zalowa.

Inu amene mwasiyiridwa mfuti yakale ndi bambo kapena agogo, yambani mwakonza za chiphaso chake ku polisi, pakuti mfuti ya malemu sikhala yanu chifukwa choti ili m'nyumba mwanu. Ichotseni m'chikopa, ipakeni mafuta pang'ono ndi kansalu, itsekereni mu sefa kutali ndi ana. Musaipale, musaipente, ndipo musaiwombe mmisiri wa chiphaso asanaione.