Kafungo ka ku Rosebank

 Lero sitinabwere ndi nkhani ya reti kapena ya dyute. Tabwera ndi nkhani ya botolo limodzi la perefyumu limene linatsala pang'ono kutichititsa manyazi, koma pamapeto pake linatiphunzitsa chinthu chimene zaka zonsezi sitinkachidziwa. Ndi yaitali pang'ono, mupirire nafe.

Msewu umenewu tauyenda zaka 15. Tinayamba ndi mabulangete ndi mapoto, kenako nsapato, ndipo perefyumu tinamuwonjezera pambuyo pake chifukwa salemera ndiponso sadya malo m'chikwama. Kopikula kwathu nonse mukukudziwa: Small Street, Jeppe, Dragon City, China Mall, nthawi zina Oriental Plaza ku Fordsburg. Lamulo la perefyumu kwathu ndi limodzi, azikuwa. Kasitomala asanafunse mtengo amayamba wafunsa kuti, "Amakhalitsa?" Amafuna woti akatsika minibasi ku Limbe, fungo lipitirire lokha mpaka ku Bangwe. Ifenso mphuno yathu inazolowera zomwezo. Perefyumu wosatiyetsemulitsa tinkamuyesa madzi.

Chaka chatha tinapsa. Mnyamata wina m'tauni anationetsa mabotolo m'mabokosi onyezimira, nalumbira kuti ndi orijino, akungotchipitsa chifukwa sitolo ikutsekedwa. Tinatenga 12 osayesa n'limodzi lomwe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mphunzitsi wina amene tinamugulitsa anatuluka zidzolo m'khosi monse, wina anabweza botolo patatha milungu iwiri likununkha ngati sipiriti. Ndalama tinabweza, koma makasitomala atatu sanabwerenso. Mpamba umabwerera, koma dzina likada m'tauni yaing'ono ngati Blantyre limavuta kuchapa.

Mmodzi mwa amene sanatithawe ndi mayi wina, namwino, amene takhala tikumubweretsera katundu kwa zaka zambiri. Ulendo wa mu Okutobala usanafike anatitumizira chithunzi pa WhatsApp, botolo lolembedwa Voyage d'Hermès. Tsiku lopereka ndalama anatiyang'ana m'maso n'kunena kuti, "Amayi, ndalamazi ndi za chipereganyu, ndadikira miyezi yambiri kuti ifike nthawi yanga. Ndikufuna weniweni, wa m'sitolo, ndi lisiti lake. Mukakayika, ndalama zibwerere." Tinavomera, koma mtima unali m'mwamba. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, randi iliyonse timaigwira ngati dzira, ndiye izi zinali za mwini.

Titamaliza kupikula katundu wathu m'tauni, tinapita ku Park Station n'kukwera Gautrain. Kwa amene simunaikwerepo, Rosebank ndi siteshoni yoyamba kuchokera ku Park, mphindi zowerengeka chabe, ndipo sitimayo imadutsa pansi pa nthaka. M'katimo saloleza kudya, kumwa ngakhale kutafuna chingamu, ndiye chipisi chanu mumalizire kunja. Mukatuluka mumapezeka pa Oxford Road, The Zone ili pomwepo, Rosebank Mall ili chapafupi. Mitengo ya jakaranda inali itachita maluwa ngati ya ku Blantyre. Palibe wotikoka dzanja, palibe wokuwa mitengo ya katundu. Kwa ife ozolowera kukumbatira chikwama pachifuwa, bata limenelo linatichititsa chilendo, mpaka tinadziyang'ana kumapazi ngati fumbi la ku Jeppe likuoneka.

Tinalowa m'sitolo ina ya mafuta onunkhira n'kuonetsa chithunzi chija. Mtsikana wogulitsa sanatiyang'ane nsapato. Anatulutsa botolo loyesera, lozungulira, lokhala ndi chotchinga chachitsulo chimene umachitembenuza kuti kopopera kaonekere. Anapopera pa kapepala n'kutipatsa. Tinanunkhiza. Kafungo ka mandimu, kozizirira, ndi kena koyabwa pang'ono m'mphuno ngati zokometsera tiyi. Basi. Tinanunkhizanso, tikuganiza kuti mwina tili ndi chimfine. Titaona mtengo wake, mawondo anazizira. Ndalama imeneyo ku China Mall tikanatuluka ndi mulu wa mabulangete.

"Sisi, ameneyu ndi wa amuna kapena wa akazi?" tinafunsa.

"Wa onse, mama."

"Nanga bwanji sakumveka? Simunathiremo madzi?"

Anaseka, koma osati monyoza. Anatipempha mkono, napopera kawiri, kenako kamodzi pa mpango wathu. Anati tisatikite, tipite tikayende kaye ola limodzi, tikabwere ngati tafuna.

Tinatuluka tili okhumudwa. M'mutu munali mawu amodzi: tikapita naye ameneyu, namwino uja adzati tamugulira feki ndipo ndalama zina tadya. Munthu amene anapsapo kale ndi mabotolo 12, ndani angamukhulupirire kuti perefyumu wosamveka ndiye wodula?

Tinapita kumsika wa ziboliboli womwe uli pambali pa Rosebank Mall kuti nthawi ipite. Tikuyenda pakati pa zosemasema, mphepo inakupiza mpango uja. Tinaima. Mandimu aja anali atachoka. Chimene chinatsala chinali kafungo ka cardamom, timbewu tobiriwira tija amwenye amathira mu tiyi ndi mu biriyani, amene mumadya ku Fordsburg mukutidziwa. Pansi pake panali kafungo ka masamba a tiyi, ndipo pansi penipeni panali mtengo wouma wongopala kumene. Poyamba tinayesa kuti ndi ziboliboli zikununkhira. Titanunkhiza pamkono tinapeza kuti ndife.

Apa tiulule. Bambo athu ankagwira ntchito ku esiteti ya tiyi ku Mulanje. M'chipinda mwawo munali kabokosi ka mkungudza, mtengo uja wa m'phiri la Mulanje umene unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984, ndipo lero watsala pang'ono kutheratu chifukwa chodulidwa ndi moto. M'kabokosimo ankasungamo makalata a ntchito, khadi la mpingo ndi ndalama za fizi yathu. Akatsegula, chipinda chonse chinkanunkhira, ife n'kudziwa kuti mawa tikupita kusukulu. Bambo anatisiya kalekale, ndipo kabokosiko sitidziwa kanapita ndi ndani. Sitikunena kuti m'botolo la ku France muli mkungudza wa ku Mulanje, ayi. Koma pamsika paja, pakati pa Rosebank, mayi wamkulu wa zaka za m'ma 40 anaima ngati mwana wodikira fizi. Palibe perefyumu wokuwa amene anatichitapo zimenezi.

Komabe kukumbuka bambo si geni. Tinakhala pa benchi n'kumuimbira namwino uja, kumuuza zoona zokhazokha. Tinati, "Mayi, chinthu chanu tachipeza, n'chenicheni, koma n'chopepuka. Munthu wa patali sangamve. Mwina pofika madzulo chikhala chitazilala. Pa ndalama yomweyi tikhoza kukupezerani wamphamvu, mabotolo awiri."

Anayankha kuti, "Amayi, ndikufuna yemweyo chifukwa cha zomwe mwanenazo. Ine ndimagwira ntchito mu wodi. Munthu wodwala malungo kapena mayi woyembekezera akamva fungo lamphamvu amasanza. Ndikufuna woti ndizimumva ndekha ndikawerama. Komanso bambo a kunyumba azithirako popita kutchalitchi, botolo limodzi tonse awiri."

Tinachita manyazi. Zaka zonsezi tinkaganiza kuti makasitomala onse ali ndi mphuno imodzi, yathuyi. Tinabwerera m'sitolo muja n'kugula. Tinapempha lisiti lenileni la msonkho, n'kuyang'ana nambala yosindikizidwa pansi pa bokosi. Mtsikana uja anatifotokozera kuti perefyumuyu anatuluka mu 2010, anamupanga ndi katswiri wa ku France dzina lake Jean-Claude Ellena, amene amadziwika ndi mafungo opepuka chonchi, ndipo mawu akuti Voyage amatanthauza ulendo. Tinaseka tokha. Ulendo umene ankauganiza bamboyo sitikhulupirira kuti ndi wa pa Nyamapanda.

Koma mayeso enieni anali pa ulendo womwewo. Mpango uja sitinauchape. M'basi tinakhala moyandikana ndi mchemwali wina amene anadzithira mafuta aja a oud tisananyamuke. Mpaka ku Musina zinali bwino. Titawoloka Beitbridge usiku, mawindo otseka, fungo lija litasakanikirana ndi thukuta, nkhuku yokazinga ndi dizilo, mwana wa pampando wakutsogolo anayamba kusanza. Ife mutu unkagunda. Tinakokera mpango kumphuno. Kafungo ka mtengo kaja kanali kadakalipo, kochepa, koyera ngati malaya ochapa ouma padzuwa. Tinadutsa nako Masvingo, Harare, Nyamapanda ndi Cuchamano. Pofika ku Tete, kumene dzuwa la Okutobala limawotcha ngati uli m'ng'anjo, tinali titaona kusiyana kwake: kutentha kumakuza fungo. Wamphamvu uja anasanduka chilango kwa basi yonse, wopepukayu sanavutitse munthu. Pofika pa Zobue anali atatsala pang'ono kutha, ndipo sitikubisa, pakhungu anatha kale tsiku loyamba lomwelo. Pa nsalu ndi pamene anakhalitsa.

Ndiye kwa anzathu amene mumanyamula perefyumu, nazi zimene tatolapo.

Musagule ndi kapepala kokha, ndipo musagule mphindi yoyamba. Fungo loyamba limauluka msanga, lenileni limabwera pakapita theka la ola kapena kuposa. Thirani pakhungu, pitani mukagule zina, mubwerere. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musayese oposa atatu nthawi imodzi, mphuno imatopa.

Werengani bokosi. Eau de toilette amakhala ndi mafuta ochepa kuyerekeza ndi eau de parfum kapena parfum, ndiye sachedwa kuzilala. Amene tinagula ife ndi eau de toilette, wa botolo loonekera m'kati. Alipo mnzake wa dzina lomwelo wa botolo lakuda amene ndi wolemererapo. Kasitomala akatumiza chithunzi, onetsetsani mtundu wa botolo, chifukwa dzina limodzi likhoza kukhala ndi mabotolo awiri kapena atatu.

Kusakhalitsa si umboni wa feki, ndipo kukuwa si umboni wa orijino. Yang'anani zilembo ngati zalembedwa molondola, pulasitiki ya bokosi ngati yamatidwa bwino, ndi nambala ya pansi pa bokosi ngati ikufanana ndi ya pabotolo. Mtengo ukatsika mopitirira muyeso, dzifunseni chifukwa chake. Ngakhale mulibe cholinga chogula ku Rosebank kapena ku Sandton, pitani kamodzi mukanunkhize zenizeni. Kuyesa n'kwaulere, ndipo mphuno ikadziwa chenicheni sipusitsidwa msanga m'tauni.

Mafuta oyeza m'timabotolo aja, otengera fungo la maperefyumu otchuka, si tchimo kugulitsa. Ifenso timagulitsa ndipo ndi amene amalipira lendi. Tchimo ndi kumuuza munthu kuti ndi orijino. Muuzeni chimene akugula, asankhe yekha malinga ndi thumba lake.

Funsani kasitomala kumene akukathira. Wa ku ukwati, wa mu ofesi, wa m'kalasi ndi wa mu wodi safuna chinthu chimodzi. Funso limeneli likanatipulumutsa ku zambiri tikanaliphunzira kale.

Lisiti musataye. VAT ya ku South Africa ndi 15 peresenti, ndipo mlendo amene wagula katundu woposa R250 akhoza kuitanitsa kuti imubwerere potuluka, bola akhale ndi lisiti la msonkho ndi katunduyo. Pa Mwanza lisiti lomwelo limakuthandizani polankhula ndi a MRA. Botolo lodula lilembetseni, musalibise m'mabulangete, chifukwa likapezeka mudzalipira zambiri kuposa dyute imene mumathawa.

Botolo lotere liyende nanu m'chikwama cha m'manja, lokulungidwa m'chitenje, osati mu ngolo ya basi kumene limaphikidwa ndi kuponderezedwa ndi masaka. Inu achimwene a mathiraki, musasiye perefyumu pa dashibodi. Dzuwa limawononga fungo, ndipo m'botolomo muli sipiriti amene amayaka. Komanso munthu wokhala m'kabini masiku anayi pa boda, wopepuka ndi amene angakuthandizeni. Sambani kaye, perefyumu sachotsa thukuta, amangokwatirana nalo.

Namwino uja tinakumana naye pa Wenela titangotsika. Anatsegula bokosi pomwepo, anawerenga lisiti, napopera kamodzi pamkono. Sananene kanthu. Tinayamba kufotokoza kuti adikire kaye theka la ola, koma anatidula. "Ndikudziwa, amayi." Patatha mlungu anatitumizira anzake awiri a kuntchito, wina akufuna nsapato, wina makatani.

Ife botolo lathulathu sitinagule, mpamba sukulola. Mpango uja tinausunga m'kabati masiku angapo tisanauchape. Ulendo wamawa tikapezanso mpata tidzakwera Gautrain kukapempha kuti atipopere kamodzi, ndipo sitichita nazo manyazi.

Amene muli pamsewu, muyende bwino. Amene mwafika, mupereke moni kunyumba.