Kwa mphwanga ku Zomba, za mkangano wa Mulungu

Wokondedwa mphwanga,

Mayi ako andiuza kuti sukuyankhulana ndi mnzako wogona naye chipinda chimodzi chifukwa iye wanena kuti kulibe Mulungu. Akuti munakangana mpaka tambala kulira, iwe Baibulo lili m'manja.

Ine ndimakhulupirira Mulungu, ukudziwa, ndipo ndidzafa ndili wotero. Koma tamvera. Munthu wosavomereza Baibulo sungamugonjetse pomuwerengera vesi. Kwa iyeyo uli ngati munthu wapamlandu amene watenga m'bale wake kuti akhale mboni. Nayenso akamati "ndionetse Mulunguyo," akufuna kuyeza pasikelo chinthu chosayezeka. Aliyense akuyankha zimene mnzake sanafunse.

Usaganize kuti mkanganowu wayamba ndi inu. Thomas Aquinas, yemwe anamwalira mu 1274, analemba njira zisanu zosonyezera kuti Mulungu alipo, ina mwa izo yakuti chilichonse chili ndi chochiyambitsa. Mu 1948, Bertrand Russell ndi wansembe Frederick Copleston anatsutsana pa wailesi ya BBC. Copleston ankati dziko silingangokhalapo popanda chifukwa. Russell ankati lilipo basi, palibe chofunsa. Anasiyana aliyense ali pomwe anali, komatu palibe anatukwana mnzake.

Chimene chandisowetsa tulo n'china. Ndamva kuti mnyamatayo kwawo ndi ku Chilobwe, ndipo matope otsika m'phiri la Soche anakokolola abale ake pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Akamafunsa kuti Mulungu wachikondi anali kuti usiku umenewo, si nzeru za m'kalasi ayi, munthuyo akulira maliro. Iwe n'kumuyankha kuti chinali chifuniro cha Mulungu! Unalakwa, mphwanga. Anzake a Yobu anachita bwino masiku 7 aja anakhala naye pansi ali chete. Kulakwa kwawo kunayamba atatsekula pakamwa kuti aikire Mulungu kumbuyo, ndipo Mulungu mwiniwake anawadzudzula.

Sindikuti ubise chikhulupiriro chako. Akakufunsa, uzinena zimene umakhulupirira ndi chifukwa chake, mosakweza mawu. Funso likakukulira, uvomere kuti yankho ulibe. Chikhulupiriro sichichepa ndi zimenezo.

Sabata ino isathe usanamupepese. Mukadyere limodzi nsima, ndipo umufunse mayina a abale ake aja. Mukadzatsekera sukulu, ubwere naye kuno kumudzi ngati angalole.

Ndine malume ako.