Mita ili bwino, nanga akumvelani ndani?

Imwe anzanga amene mwayamba kukonda wailesi ya amateur, mvelani zimene zinanicitikila.

Ambuya anga akhala pafupi na paki ya Lukusuzi, ku Lundazi, kumene netiweki ya foni imabwela ikafuna yeka. Atadwala, n'napita na wailesi yanga, batile na laisensi ya ZICTA m'thumba. Mkulu wanga ku Lusaka nayenso ni wa 9J, ndiye tinapangana kuti 18 koloko iliyonse nizimuuza mmene ambuya alili.

N'nakoka waya wa mamita 20 wa pa 7 MHz pakati pa mitengo iwili. Mita ya SWR inaonetsa 1.1:1. N'nati apa nawina. Koma n'naitana masiku atatu, zii. Uko mkulu wanga mtima m'mwamba, aganiza kuti kwagwa malilo.

SWR imakuuzani cinthu cimodzi cabe: mphamvu zingati zibwelela kucoka ku eliyo cifukwa eliyoyo siigwilizana na 50 ohm ya wailesi na kebo. Pa 1.5:1 zibwelela 4 pa 100. Pa 2:1 ni 11, pa 3:1 ni 25. Nambala ikapitilila 2:1, mawailesi ambili amacepetsa mphamvu okha kuti asapse. Apo mita imathandiza maningi.

Koma siikuuzani ngati mau anu acoka pa mudzi. Mangani dummy load, kaja kocita nako testi, muzaona 1:1 yabwino, pamene mphamvu zonse zingosanduka kutentha.

Yanga inali kebo. N'nagula yakale pa msika, yaitali, ndipo madzi a mvula anali atalowamo. Kebo yotele imadya mphamvu popita, imadyanso zobwelela, ndiye mita iona tung'ono n'kukuuzani kuti zonse zili bwino. Tsiku lacinai n'nacotsa mbali yoola, n'natsala na kacidutswa kouma, n'nakwezanso waya pamwamba. Mita inakwela kufika 1.8:1. Nambala yoipilako, koma Lusaka inayankha pamenepo. Mau oyamba a mkulu wanga anali akuti, “Iwe, ambuya alipo?” Analipo, akudya phala panja.

Manje mukaona 1.1:1, musafulumile kusekelela. Cekani kebo na majoini, onani kutalika kwa waya kucoka pansi, ndipo funsani mnzanu wa kutali kuti akumvelani bwanji.