Chitoliro cha Pamsewu

Kilarineti yanga yoyamba sindinagule. Anandipatsa ndi malume anga atapuma ntchito m'bandi ya apolisi, mano akutsogolo atayamba kugwedera. Pondipatsa anati, "Mphwanga, ichi si chitoliro cha abusa a ng'ombe. Usachionetse dzuwa." Ine ndinavomera monga momwe timavomerera akuluakulu, ndi pakamwa pokha.

Inali Boosey & Hawkes ya mtengo, yakuda bii, yolemera m'manja. Kwathu ku Ndirande chirichonse choimbidwa ndi pakamwa ndi lipenga kapena chitoliro, choncho m'bandi ya achinyamata a mpingo wathu ine ndinangosanduka "wa chitoliro". Bandiyo siikhala pansi. Imaperekeza akwati, imatsogolera maulendo a amayi a chigwirizano, ndipo zonsezi zimachitika pamsewu, m'fumbi.

Loweruka lina mu Okutobala wa 2022 tinaperekeza ukwati dzuwa likuswa mtengo. Tisanafike ku holo kunagwa chizimalupsa. Madzulo ndikupukuta ndinaona kamng'alu ngati tsitsi, kochokera pamwamba pa chigawo chapakati kutsikira ku bowo loyamba. Chifukwa chake nchosavuta kumva: mpweya wa woimba umanyowetsa m'kati, dzuwa likuumitsa kunja, m'kati mukufufuma, kunja kukufota, ndiye mtengo utani?

Apa ndiloleni ndipatuke pang'ono, poti inu a pakoleji mumakonda zotere. Mtengo womwe Azungu amautcha grenadilla, umene amasemera makilarineti okwera mtengo ngati Buffet R13 ya ku France, ndi phingo wathu yemweyu, amene osema ziboliboli amagulitsa kwa alendo m'mbali mwa msewu. Wambiri amadulidwa ku Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique, ndipo amatenga zaka zoposa 60 kuti akhwime. Amakwera sitima ali chipika, nabwerera ali ndi makiyi 17 onyezimira ndi mtengo woti mwana wa ku Ndirande angoyang'ana. Chodabwitsa nchakuti mtengo wokulira m'thengo louma ukabwerako ku Ulaya umaopa dzuwa la kwawo.

Tsono panafunika yachiwiri, yoyenda nayo pamsewu, ndipo ndalama zinali zomwe ndinkasungira malata a nyumba ya mayi.

M'sitolo ina ku Limbe ndinapeza zatsopano, zopanda dzina lodziwika, ina yofiira ngati galimoto ya ozimitsa moto. Mtengo wake unali wokopa. Koma nditakankha kiyi yaitali ya chala chaching'ono, inapindika ngati waya wa galimoto za ana, ndipo sinabwerere. Wogulitsa anati ndiiwongole ndi dzanja. Ndinaiwongoladi, nkumubwezera. Mnzanga woimba thirombone anati ndingosiya zonsezi ndiphunzire koneti, poti ngakhale a Salvation Army m'mabandi mwawo mulibe kilarineti, ndipo chitsulo chikaphwanyika amisiri a mumsika wa Ndirande amachiwongola. Ananena zoona, koma ine milomo yanga inazolowera kabango.

Yankho linachokera ku Joni. Msuweni wanga wogwira ntchito m'munda wa maluwa ku Johannesburg anapeza ziwiri m'sitolo ya katundu wakale: Yamaha ya pulasitiki, yooneka bwino, ndi Bundy yokalamba, yokandikakandika, ya theka la mtengo wa inzakeyo. Bundy zotere anayamba kupanga ku America mu 1948, makamaka za ana a sukulu, anthu osadziwa kusamala chinthu. Ndinaganiza kuti chomwe chinapirira ana a sukulu chingapirirenso msewu wa ku Chinseu. Pa lamya ndinamuphunzitsa msuweniyo kuyesa: atseke mabowo onse ndi zala, atseke kunsi ndi chikhatho, ayamwe mpweya, ikagwira mlomo ndiye kuti siikudontha. Anati anthu m'sitolomo ankamuyang'ana ngati wamisala. Yamaha inagwira, Bundy inadontha pang'ono. Ndinasankhabe Bundy, chifukwa timapilo totseka mabowo timasinthika, pomwe malata sadikira mvula.

Inabwera pa basi, m'chikwama cha zofunda. Timapilo titatu ndinasintha ndekha, kusungunula guluu ndi kandulo. Pakamwa pake ndinaikapo pa ya malume ija, poti mawu a kilarineti ambiri amabadwira pamenepo ndi pa kabango, osati m'thupi. Kunena zoona, m'chipinda mawu ake ngoonda, ndipo m'mwamba amalira ngati mwana wa mbuzi. Koma pamsewu, pakati pa ng'oma yaikulu ndi malipenga asanu ndi limodzi, palibe amene anadandaulapo. Yanyowa kawiri, yagwa kamodzi m'ngalande, ikuimbabe.

Mwezi watha tinadutsa pafupi ndi kwa malume. Anali pakhonde, ndodo ili pamaondo. Madzulo ndinapita kukawaona, mtima uli m'mwamba.

"Ndakumva," anatero. "Ukuthamangira ng'oma. Komanso chija unanyamula si changa."

Ndinafotokoza za dzuwa ndi mvula, kuti yawo ndikuisunga m'bokosi, za pamsewu ndagulira ina. Anagwedeza mutu mokondwa, nati tsopano ndakula. Za mng'alu sindinatchule.

"Ubwere nacho Lamulungu," anatero ndikutsanzika. "Ndikufuna ndichigwireko."